Kanema Amene Adayambira Pakati

1. Mtsikana wokhala kumbuyo

Kusukulu onse ankamutcha Chete. Dzinali adamupatsa ndi anyamata a m'kalasi mwake tsiku loyamba lomwe adafika, pamene mphunzitsi adamufunsa kumene wachokera, iye n'kungoyang'ana pansi. Dzinalo lidamukakamira, mpaka aphunzitsi ena ankayesa kuti ndi lake lenileni.

Ankakhala ndi azakhali ake m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali. Mayi ake adapita kukagwira ntchito kutali. Pochoka adamusiyira foni yakale, yong'aluka galasi pakona, kuti azilankhulana Lamlungu lililonse. Lamlungu lina foniyo inkalira, lina ayi.

Azakhali ankagwira ntchito yochapa nsalu za odwala kuchipatala. Ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, zala zitakwinyika ndi madzi. Choncho Chete akaweruka kusukulu ankapeza khomo lokiya, mbale yake yovindikira patebulo, ndi kawailesi pawindo. Ankayatsa kawailesiko asanavule n'komwe nsapato, kuti m'chipindamo mumveke mawu a munthu.

Pulogalamu imene ankaikonda inali ya faifi koloko madzulo. M'pulogalamuyo anthu wamba ankatumiza nkhani za kumene akukhala: madalaivala, amayi a pamsika, alonda, ana a sukulu. Woulutsa ankakonda kunena kuti, "Atolankhani athu alipo asanu basi, koma mzindawu ndi waukulu. Chimene mwaona tiuzeni. Jambulani, tumizani."

Tsiku lina Chete adaterodi. Pafupi ndi geti la sukulu panali dzenje la ngalande lopanda chivindikiro, ndipo kamwana kena kadagweramo n'kuthyoka mkono. Adalijambula dzenjelo, nalemba mizere itatu, natumiza. Madzulo ake adamva mizere yake ija ikuwerengedwa pa wailesi. Adaimirira pakati pa chipinda, supuni ili m'manja, koma panalibe woti amuuze.

Patapita masiku anayi dzenje lija lidavindikiridwa. Ena adamuona pamene ankajambula, ndiye mbiri idafala m'kalasi monse. Nthawi yopuma kudabwera mtsikana wina amene ankatchedwa Mfumukazi, chifukwa kumene wapita anzake ankalondola. Adaima pa benchi imene Chete ankakhala yekha.

"Kani umalankhula, koma pa wailesi pokha?" adatero akuseka. "Tasuntha, ndikhale nawo."

Chifikireni pasukulupo, aka kanali koyamba kuti munthu amupemphe kuti asunthe.

2. Chenjezo la a Zalero

Pa siteji ya basi panali mkulu wina wogulitsa nyuzipepala pansi pa ambulera yakale. Anthu ankawatcha a Zalero, poti m'mawa uliwonse ankafuula kuti, "Za lero! Za lero!" Ankamulola Chete kuwerenga tsamba loyamba akamadikira basi, bola asalipinde.

Pafupi nawo pankakhala bambo wina wosoka nsapato, wamtali, wosakonda kulankhula chifukwa anali wachibwibwi. Munthu akamubweretsera nsapato ankangoitembenuza, n'kuloza pamene pang'ambika, n'kugwedeza mutu. Kenaka ankawerama n'kuyamba ntchito.

Chete adawauza a Zalero za dzenje lija. Mkuluyo adavula magalasi nawapukuta ndi malaya.

"Wachita bwino, mwanawe. Dzenje limene lija ine ndalilambalala zaka ziwiri osaganiza zouza munthu. Koma takhala apa, ndikuuze kanthu.

"Ine sindine mtolankhani, sukulu yake sindinapite. Koma ndinagwira ntchito zaka makumi awiri pa makina osindikizira nyuzipepala, ndipo ndinkaona zimene zinkachitika nkhani isanafike kwa ine. Munthu ankabwera akuthamanga, akuti ndaona zakutizakuti. Mkonzi ankamukhazika pansi. Waona liti? Unaima pati? Iwe usanafike panachitika chiyani? Nanga amene ukumunenayo wamufunsa? Munthuyo ankakwiya, ankati mukundiyesa wabodza. Koma sikuti ankamuyesa wabodza ayi. Munthu akhoza kunena zoona zokhazokha za chimene waona, chonsecho anafika nkhaniyo ili pakati.

"Masiku ano makina amene ndinkayendetsa ine aja ali m'thumba mwakomo. Palibe wokukhazika pansi, ndiye uzidzikhazika wekha. Dzenje ulijambule mmene ungafunire. Lilibe mkazi, lilibe ana, silichita manyazi. Koma tsiku limene udzaloze foniyo pankhope ya munthu, udzayambe wafunsa. Wandimva?"

"Ndamva, agogo."

Basi idafika ndipo Chete adakwera. Asanakhale pansi foni idanjenjemera. Unali uthenga wa Mfumukazi: "Nkhani ina ituluka liti? Anthu akudikira."

3. Masekondi khumi ndi awiri

Mwezi umenewo mumzinda mudabuka mphekesera yoti kwabwera anthu oba ana. Palibe amene ankadziwa mwana wobedwa ndi mmodzi yemwe, koma aliyense ankadziwa munthu amene adamva kwa wina. Amayi ankayenda atagwira ana awo padzanja zolimba.

Lachinayi ataweruka, Chete ndi Mfumukazi anali pamzere wokwera basi. A Zalero anali atachokapo kukabweza nyuzipepala zotsala. Mwadzidzidzi kudamveka kulira kwa mwana. Chete potembenuka adaona wosoka nsapato uja atakwapatira kamtsikana ka zaka ngati ziwiri, akuthamanga nako kulowera ku kanjira ka pakati pa masitolo. Kamwanako kankaphiriphitha, kansapato kamodzi katagwa.

"Jambula! Jambula!" Mfumukazi adamugwedeza phewa.

Chete adayamba kujambula, mnzakeyo akufuulabe. Mayi wina pamzerepo adakuwa kuti, "Inu, mwanayo mukupita naye kuti?" Bamboyo adacheuka, nkhope yake n'kuonekera bwinobwino. Adatsegula pakamwa, milomo ikunjenjemera, koma mawu adakanirira. Kenaka adakhota n'kulowa m'kanjira kaja. Kanemayo adathera pomwepo. Anali wa masekondi khumi ndi awiri.

Kondakitala adamenya chitseko cha basi, ndipo anthu akumbuyo adawakankhira atsikanawo mkati.

"Tumiza pompano," adatero Mfumukazi atakhala pansi. "Wina angakutsogolere."

"Bambo aja ndimawadziwatu. Amasoka nsapato pomwe paja."

"Ndiye? Akuba sakhala ndi ntchito? Waona wekha mmene anasowera chonena."

"Mwina nditsike, ndikafunse kaye."

"Ukamufunse wakuba ngati waba? Iwe, pamene uzikafunsapo mwanayo akhala atafika kuti? Tumiza. Mawa sukulu yonse ikunyamula m'mwamba."

Chete adayang'ana pawindo. Siteji yotsatira inali pafupi, ndipo kubwerera wapansi kukadamutengera mphindi zisanu zokha. Basi idaima, anthu awiri adatsika. Iye sadadzuke. Basi idanyamukanso.

Adalemba kuti, "Bambo uyu waba mwana pa siteji ya basi masana ano," natumiza ku wailesi pamodzi ndi kanemayo. Mfumukazi adati amutumizirenso iye, ndipo adamutumizira.

Faifi koloko itakwana woulutsa adaiwerenga nkhaniyo koyambirira kwenikweni kwa pulogalamu. "Sitinaitsimikize," adatero mofulumira kumapeto, koma kanemayo anali ataikidwa kale pa tsamba la wailesiyo pa intaneti. Mmene azakhali ankakwera masitepe, anthu oposa zikwi zitatu anali atamuonera. Anzake a m'kalasi, amene sadamulemberepo chiyambire, ankamutumizira mauthenga omutama. Chete adawawerenga onse, ena kawiri.

4. Funso lochedwa

M'mawa mwake adapeza pa siteji pali zina. Benchi ya wosoka nsapato inali itathyoledwa miyendo. Nsapato za anthu zinali mbwee mumsewu, ina itapondedwa ndi galimoto. Chitini cha guluu chinali chitatayikira pansi, mchenga n'kumatirira.

A Zalero sankafuula tsiku limenelo. Ankatola nsapatozo imodziimodzi n'kumaziika m'katoni.

"Agogo, chachitika n'chiyani?"

"Anabwera dzulo dzuwa lisanalowe, gulu la anyamata, mafoni ali m'manja, akufananiza nkhope. Ndinayesa kuwaletsa, anandikankhira uko." Mkuluyo adaweramuka namuyang'ana. "Kanemayo ndamuona. Wajambulidwa kuchokera pamzere wa basi, ndipo mawu akuti jambula aja ndi a mnzako. Lowa m'kanjiramo. Kumapeto kwake kuli mayi wogulitsa zipatso. Ukamufunse funso limene sunafunse dzulo."

Chete adalowa. Kanjirako kanali kafupi, ndipo kumapeto kwake kunali katebulo ka malalanje. Kuseri kwa katebuloko kudakhala mayi wina, maso ali psuu. Pamiyendo pake panali kamtsikana kaja, kakudya nthochi.

"Pepani mayi, ndimafuna kufunsa za dzulo."

"Ndiwe wa ku wailesi? Bola mwabwera. Kuyambira dzulo ndikukuwa koma palibe akundimva. Mwanayu ndi wanga. Ndinkasankhira munthu malalanje, iye n'kuzemba kupita kumsewu. Lole ya zakumwa inkabwerera chafutambuyo, dalaivala osamuona. Bambo aja anataya nsapato imene ankasoka, n'kumutsomphola tayala litatsala chonchi." Adaonetsa kampata kakang'ono ndi zala ziwiri. "Anathamanga naye kudzandipatsa ine. Kulira konse kuja anali mantha basi.

"Atabwera anyamata aja ndinamunyamula mwanayu m'mwamba, ndikuti, uyu mwanayo, sanabedwe uyu! Wina anandiyankha kuti, mayi khalani chete, ife taona kanema. Bambowo anayesa kulankhula, koma mukudziwa mmene alili. Mawu amodzi asanatuluke anali atagwa kale pansi."

"Sindine wa ku wailesi," adatero Chete. Adafuna kunena zina, koma adangotembenuka n'kumapita.

Kusukulu adafika mochedwa. Atangolowa m'kalasi ana onse adaomba m'manja. "Mtolankhani wafika!" Iye adapita pamalo pake akuyang'ana pansi.

Nthawi yopuma adamufotokozera Mfumukazi zonse. Mfumukazi adasiya kutafuna, nayang'ana uku ndi uku.

"Fufuta zonse m'fonimo. Ku wailesi dzina lako salidziwa, akudziwa nambala basi. Pakutha pa sabata anthu aiwala. Ndipo ine usanditchule. Anatumiza ndiwe."

Adatola chikwama chake napita kukakhala ndi anzake pansi pa mtengo. Benchi idatsala ya Chete yekha.

5. Mawu anayi

Lachisanu azakhali ankaweruka msanga. Adalowa, nakhala pabedi, nayamba kumasula nsapato akudandaula msana.

"Lero ndachapa malaya a munthu amene anamumenya gulu. Magazi osatheka kuchoka. Nthiti ziwiri zathyoka, dzanja lamanja aliika chikhakha. Akuti ndi wosoka nsapato. Tangoganiza, wosoka nsapato, dzanja lamanja. Anamwino akuti zonsezi wayambitsa ndi kanema wina wa pafoni. Kaya anajambulayo wagona bwanji."

Chete anali akutsuka kapu. Adaiika pansi.

"Ndine, azakhali."

"Wati chiyani?"

"Anajambula ndine. Ndinatumiza ndine."

Azakhali adaika pansi nsapato imene inali m'manja. Pansi m'sitolo munkamveka munthu akukoka chitseko chachitsulo. Chete adafotokoza zonse, kuyambira pamzere wa basi mpaka kwa mayi wa malalanje. Atatha, azakhali adaloza pabedi kuti akhale.

"Sindikukukalipira chifukwa chojambula. Za dzenje zija ndinanyadira. Ndinauza anzanga onse kuntchito kuti wachita zimenezi ndi mwana wa mchimwene wanga. Kungoti iweyo sindinakuuze, ndipo apo ndinalakwa ine. Ndimabwera nditatopa, ndimadya, ndimagona, sindikufunsa kuti waswera bwanji. Ndiye wapeza anthu okuombera m'manja, wawatsatira.

"Koma tamvera. Kuchipatala kuja ine sindine dokotala, sindine namwino. Ndimachapa basi. Koma nditasakaniza nsalu za odwala matenda opatsirana ndi nsalu za makanda, makandawo adwala. Sindingaime n'kunena kuti musandifunse, ine ndine wochapa chabe. Ntchito ukaigwira, ngakhale sunaphunzire sukulu yake, zotsatira zake ndi zako. Iwe wagwira ntchito ya atolankhani. Wauza anthu zikwizikwi nkhani, ndipo akukhulupirira.

"Amene anamenya ali ndi mlandu wawo, waukulu. A wailesi ali ndi wawo. Wako ndi mawu anayi aja: bambo uyu waba mwana. Iwe kuba sunakuone. Unaona munthu akuthamanga. Ukanalemba zimene unaonazo, kapena ukanatsika basi ija, lero ndikanachapa malaya ena."

Misozi idayamba kutsika m'masaya mwa Chete. "Ndiye nditani, azakhali?"

"Mawa ndili pantchito, sindingakuperekeze kulikonse. Ndiponso sindikukakamiza. Ukhoza kungokhala phee, ine sindiuza munthu. Koma bamboyo akatuluka akakhala pati? Ndi mayi uti amene adzamupatsenso nsapato ya mwana wake? Anthu akadali ndi nkhope yake m'mafoni. Uganize wekha. Ndiwe wamkulu tsopano."

Azakhali adadzuka kukatenthetsa chakudya. Adadya onse awiri kawailesi kali kozimitsa.

6. Ku wailesi

Loweruka Chete atadzuka adapeza azakhali atapita kale. Adavala yunifomu ya sukulu, poti ndicho chinali chovala chake chabwino. Adakwera mabasi awiri, nafunsa njira katatu.

Wailesiyo inali m'nyumba yosanja, m'mwamba. Mlonda adamufunsa amene akumufuna. Iye sankadziwa dzina la munthu aliyense, ndiye adangoti akufuna wamkulu wa nkhani. Adamukhazika pa benchi m'khonde lalitali. Anthu ankadutsa ndi mapepala ndi makapu a tiyi, osamuyang'ana. Wotchi ya pakhoma idayenda maola awiri. Kawiri konse adadzuka n'kufika pamasitepe otsikira, kawiri konse adabwerera.

Pomaliza kudatuluka mayi wina wa imvi, magalasi atalendewera pachifuwa. Ameneyu anali mkonzi wa nkhani.

"Akuti ukundifuna. Lowa."

Mu ofesimo munali mulu wa mapepala ndi mpando umodzi wa alendo. Chete adaika foni patebulo, naonetsa uthenga umene adatumiza, nafotokoza zimene adamva kwa mayi wa malalanje. Mkonziyo sadamudule mawu. Chete atatha, mayiyo adaitana woulutsa uja. Anali mnyamata wochepa thupi, wosiyana kwambiri ndi mawu ake a pa wailesi.

"Kanemayu unamuika ndisanamuone?"

"Munali kumsonkhano, mayi. Ndinanena kuti sitinatsimikize."

"Unanena. Amene anamva ndi angati? Kamuchotse pompano. Utumize mtolankhani kwa mayi wa zipatsoyo ndi kuchipatala. Kenaka ubwere, tikambirane."

Mnyamatayo adatuluka atazolika. Mkonzi adatembenukira kwa Chete.

"Mwana wanga, cholakwa chachikulu ndi chathu. Iwe unatitumizira, koma kuulutsa tinaulutsa ndife. Ntchito imene timalembedwera ndi yofufuza, ndipo Lachinayi sitinaigwire.

"Koma usachoke pano ukuganiza kuti anthu ngati iwe sitiwafuna. Popanda inu wailesi ino ikanamangolankhula za m'maofesi. Mlatho ukagumuka, woyamba kudziwa ndi dalaivala. Mankhwala akatha, woyamba kudziwa ndi wodwala. Nkhani zathu zabwino zambiri zinayamba ndi munthu wamba amene anati izi sizili bwino. Chimene timapempha n'chochepa. Utiuze chimene waona, unenenso chimene sunaone. Ukatitumizira kanema, unene kuti ndinayamba kujambula zinthu zili mkati. Dzina loti wakuba usalipereke ndiwe, ngakhale ife sitilipereka. Ndipo ukalakwitsa ubwere, ngati mmene wachitiramu. Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo obwerera kudzanena kuti ndinalakwitsa sakwana zala za dzanja limodzi.

"Tsopano tikonza tokha madzulo ano. Ndiwe mwana wa sukulu, dzina lako sititchula. Ukhoza kumapita kunyumba."

Chete sadadzuke.

"Kusukulu onse akudziwa kuti ndine, mayi. Anandiombera m'manja. Mukanena inu aziti a wailesi aopsezedwa. Ndikufuna amve kwa ine."

"Ukudziwa kuti Lolemba sakakuombera m'manja?"

"Ndikudziwa."

Mkonzi adamuyang'ana, kenaka adapempha nambala ya azakhali. Adalankhula nawo kanthawi. Atadula foni adati, "Akuti ngati wasankha wekha, lankhula."

Adadikiranso pa benchi ija mpaka madzulo. Faifi koloko adamulowetsa m'kachipinda kopanda mawindo, kozizira, namukhazika patsogolo pa maikolofoni. Poyamba mkonzi mwini adapepesa m'malo mwa wailesi. Kenaka adaulutsa mawu a mayi wa malalanje, amene mtolankhani adakawajambula. Pomaliza woulutsa adamukodola Chete.

"Ine ndine amene ndinajambula kanema wa Lachinayi," adatero. "Ndinalemba kuti bambo aja aba mwana. Sizoona. Anapulumutsa mwanayo ku lole. Ine sindinaone poyambira, ndipo sindinafunse. Amene muli ndi kanemayo mufufute. Amene munatumizira anzanu muwauzenso izi. Bambo, ngati mukumva, pepani."

Kagetsi kofiira ka pa maikolofoni kadazima. Mkonzi adamuperekeza mpaka pamasitepe, ndipo Chete adakwera mabasi ake awiri kubwerera kwawo.

7. Lolemba

Lolemba atalowa m'kalasi phokoso lidatha. Pa desiki yake wina anali atalemba ndi choko kuti BODZA. Adafufuta ndi dzanja nakhala pansi. Mfumukazi ankayang'ana m'buku ngati muli nkhani yokoma kwambiri.

Nthawi yopuma adakhala pa benchi yake natsegula tsamba la wailesi. Kanema uja, asanachotsedwe, adaoneredwa ndi anthu zikwi makumi awiri. Kupepesa kwa Loweruka anali atakumvera anthu mazana anayi. Pansi pake wina adalemba kuti, "Mwanayu amuuza zonena. Ife tinaona ndi maso athu."

Anyamata awiri adadutsa, mmodzi n'kukweza dzanja ngati akujambula, winayo n'kufuula kuti, "Thawani, angatipange akuba!" Adaseka mpaka kukhota pakona. Mphunzitsi wa masamu adaima pang'ono pafupi ndi benchiyo ngati akufuna kunena kanthu, koma belu lidalira ndipo adapitirira.

Ataweruka adadikira kuti ena onse atuluke, kenaka adanyamula chikwama chake. Bwalo la sukulu linali litatsala la mlonda yekha, amene ankasesa masamba.

Kunja kwa geti kudaima mtsikana wa msinkhu wake, atavala yunifomu ya sukulu ina. Chete anali asanamuonepo chiyambire. Anali wamtali, ndipo m'manja adanyamula jumbo ya mankhwala. Adamuyang'ana Chete kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe unalankhula pa wailesi Loweruka?"

"Ndine."

"Amene unajambula aja ndi bambo anga. Atuluka m'chipatala m'mawa uno." Mtsikanayo sankamwetulira, komanso sankakweza mawu. "Mayi akuti usadzaponde pakhomo pathu. Koma bambo alemba ndi dzanja lamanzere kuti ndikakutenge."

Adatulutsa kapepala kopindapinda namuonetsa. Zilembo zake zinali zokhotakhota ngati za mwana woyamba kumene sukulu: Abwere lero.

Basi ya kwa Chete inali itaima kutsidya kwa msewu, kondakitala akuitana anthu. Mtsikana uja adapinda kapepalako, natembenuka, nayamba kuyenda kulowera kwina osacheuka.

Chete adakonza lamba wa chikwama paphewa, namutsatira.